Lipoti la Boma, Mlatho Wathu ndi Chulu cha a Mulimba

Lolemba

Mmawa. Kwacha bwino, phiri likuoneka lonse mpaka kunsonga. Nsapato zakuda ndapukuta. Ndavala diresi lija ndinkavala ndili mphunzitsi, kuti a mu ofesi adziwe kuti sikunabwere munthu wamba.

Ntchito ya sabata ino, mwa ndondomeko yake:

1. Lero kupita ku boma kukatenga buku la lipoti la chaka chatha.
2. Kupeza tsamba lonena za mlatho wathu wa pa Nakhwili.
3. Kulimasulira m'Chichewa chomveka ndi mwana yemwe.
4. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, kuwerengera anthu onse panja.

Zosavuta. Ndazichita zaka zisanu ndi chimodzi chikhalireni mlembi wa komiti ya mlatho.

Mlathowo ndi zipilala ziwiri basi, zaima m'madzi ngati anthu odikira minibasi. Tsono kwamveka mphekesera yoti m'lipoti analemba kuti unatha. Ngati n'zoona, komiti ilemba kalata yodandaula mvula isanayambe. Ngati n'zabodza, tidziwe kuti amisiri abwera liti. Mtsinje ukadzaza ana a kutsidya sabwera kusukulu, amayi a zinanazi amazungulira mtunda wautali dengu lili pamutu, ndipo chaka chatha mayi wina anachilira m'mbali mwa madzi asanafike kuchipatala. Si nkhani yoseka.

Bukuli limakhala limodzi lokha m'dera lonse lino la Milonde, ndipo limagona m'sutikesi mwanga. Wofuna kuligwira amasamba kaye m'manja.

Madzulo. Ndabwerako. Buku kulibe!

Bambo wa pa desiki, waulemu wake ndithu, wandipatsa mpando. Akuti, "Amayi, mabuku aja tinasiya kusindikiza. Lipoti lonse lili pa intaneti tsopano. Aliyense akhoza kuwerenga, ali kunyumba kwake, mwaulere."

Ndati, "Aliyense?"

Akuti, "Aliyense."

Mawu amenewa sanandisangalatse kwenikweni, sindikudziwa chifukwa chake.

Wandilembera keyala yake pa kapepala. Ndinapita ndi chikwama chachikulu cholowa mabuku atatu, ndabwera ndi kapepala kochepa ngati tikiti. Ndakaika m'Baibulo.

Abambo a kunyumba kuno, ali pakhonde akusenda chinangwa: "Nanga intanetiyo ili mbali iti ya boma? Bwenzi mutangodutsirako lero lomwe."

Munthu anakhala kapitawo pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri, koma taonani.

Palibe chodetsa nkhawa. Mpaka Lamulungu ndi kutali.

Lachiwiri

Mmawa. Foni yanga ndi ya mabatani. Ndalemba keyala yonse mosamala, chilembo ndi chilembo, ndadina. Yapita ngati uthenga kwa abusa. Abusa ayankha kuti, "Amen."

Ndapita kwa alamu anga a Esinati, mlongo wawo wa abambowa. Amagulitsa kaunjika, ndipo ali ndi foni yaikulu yopalasa ndi chala, galasi lake losweka ngati ukonde wa kangaude. Avomera. Tagula bandulo pa golosale.

M'nyumba mwawo netiweki mulibe. Pakhonde palibe. Pafupi ndi khola ilipo ya kuimbira kokha. Akuti ya intaneti imapezeka pa chulu cha m'munda wa a Mulimba, ndipo mudzi wonse ukudziwa zimenezi kupatula ine.

Masana. Ndili pa chulu. Ine, mayi wa zaka zanga, mphunzitsi wopuma, mlembi wa komiti. Ndakwera chokwawa, alamu akundikankha kumbuyo.

Ndangofika pamwamba foni yalira. Uthenga wa Chipwitikizi, wondilandira ndi manja awiri ku Mozambique.

Alamu ali pansi akufuula: "Alamu, tembenukani msanga, mwawoloka malire! Ikudyerani mayunitsi!"

Zoona zake ndi izi. Ukayang'ana kum'mawa uli ku Mozambique. Ukayang'ana kuphiri uli ku Malawi. Ukayetsemula ulibe dziko. Agogo athu anayenda masabata kuchoka kumeneko, ine ndapita ndi kubwera kanayi masana amodzi osasuntha phazi.

Vuto lina, kalembedwe ka bambo wa ku ofesi uja. Akanakhala m'kalasi mwanga akanabwereza. Pali chilembo china pakati, kaya ndi wani, kaya ndi elo, kaya cholembera chinangoterereka. Tayesa zonse. Zomwe tapeza:

magalimoto ogulitsa a kunja;
mankhwala ochepetsa mimba;
mzimayi wina woti akufuna kucheza nane, ali pafupi;
tsamba loyera, lopanda kanthu.

Alamu akhalitsa pa magalimoto paja. Ndachita kuwalanda.

Madzulo. Mawondo akuwawa. Komabe tsopano ndikudziwa poyambira. Mawa zitheka!

Lachitatu

Mmawa. Chilembo chija chinali wani. Tsamba latseguka, chizindikiro cha boma pamwamba pake! Ndinatsala pang'ono kululutira.

Malipoti ndi ambirimbiri, ondandalikidwa ngati mayina a m'kaundula. Ndasankha lathu. Alamu akuti liyenera kutsika kaye kulowa m'foni, ndipo pali kamzere koonetsa pamene lafika. Kamzereko kamayenda pokhapokha dzanja lili m'mwamba. Ukatsitsa kamaima.

Ndaima choncho, dzanja kumwamba, maso kuphiri.

Kafika pakati. Foni yalira. Kasitomala wa alamu, akufunsa ngati majekete a ana afika. Kamzere kabwerera poyambira.

Kachiwiri. Kadutsa pakati. Foni ikuti yadzaza, tichotsemo zina. Alamu akwiya: "Ndifufute zithunzi za chinkhoswe cha mwana wanga chifukwa cha boma? Boma linabwera kuchinkhosweko?"

Takambirana. Tafufuta mavidiyo a kwaya ya kwawo kwa amuna awo, poti ndi kale lomwe sankaikonda.

Masana. Kachitatu. Dzuwa likuswa mtengo. Nyerere zapeza njira ya m'nsapato. Sindingadzikande chifukwa dzanja lina lagwira foni, lina lagwira tsinde kuti ndisagwe. Ndatsinzina, ndikungoyendetsa milomo, ndikuwerenga manambala kuti ndipirire.

Potsegula maso, pansi pa chulu pagwada amayi anayi ochokera kudimba, makasu ali pambali, nawonso manja m'mwamba. Wina wayambitsa nyimbo. Akuti amva kuti madamu akupempherera mvula pa chulu kuyambira dzulo.

Sindinawatsutse. Kutsutsa kukanafuna kutsitsa dzanja.

Kamzere katsala pang'onong'ono, kadanga kolowa chikhadabo chokha. Kaima. Uthenga: bandulo yatha.

Ndanena mawu ena amene sindilemba muno. Amayi aja ayankha kuti, "Zikhale choncho."

Madzulo. Kwabwera a Mulimba eni munda, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Apereka moni wa Chilomwe, wautali, kufunsa za aliyense mpaka nkhuku. Kenako akuti, "Madamu, kupemphera sindikuletsa. Koma mpingo wanu wandipondera mizere itatu, ndinali nditakonzeratu."

Ndapepesa. Ndawapatsa mapeyala.

Masiku atsala anayi. Chulu ndasiyana nacho. Mawa ndipita kwa odziwa ntchito.

Lachinayi

Mmawa. Kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka pa Nkando. Kutali, koma kumeneko kuli mayi wina wa shopu ya kompyuta amene anatisindikizira makhadi a ukwati wa mwana wathu. Ndakhala pakati pa thumba la nandolo ndi bambo wonyamula matayala a njinga m'khosi.

Ndafika. Magetsi azima.

Mayi wa shopu akuti, "Akubwera, mayi. Khalani."

Zomwe ndachita podikira:

ndadya chimanga chootcha;
ndamva mbiri yonse ya banja la mayi wa shopu, amuna awo ndi ovuta;
ndathandiza mtsikana wina kulemba kalata yofunsira ntchito, anali atalemba dzina lake molakwika;
ndagula sefa imene sindikuifuna.

Masana. Magetsi abwera! Msika wonse wakuwa. Mayi uja wakhala pa kompyuta, kudina apa, kudina apo, lipoti ili! Mphindi zitatu zokha. Ndaganiza za masiku anga awiri a pa chulu.

Akuti, "Tisindikize lonse? Masamba ake ndi mazanamazana, inki yanga sifika."

Ndati tisindikize gawo la misewu ndi milatho lokha. Makina ayamba. Tsamba loyamba lakuda bwino. Lachisanu lotuwa. Lachikhumi ngati lalembedwa ndi phulusa. Lakhumi ndi chiwiri latuluka theka, magetsi azimanso.

Zilibe kanthu. Ndili ndi mapepala m'manja, otentha, onunkhira ofesi! Ndawakumbatira njira yonse. Kondakitala anafuna kuwaika kumbuyo ndi katundu, ndamuyang'ana mpaka wapepesa.

Madzulo. Ndasamba m'manja. Ndakhala pa tebulo. Ndavala magalasi.

Mawu ake akumveka ngati ndinawawerengapo. Chithunzi cha thalakitala ichi ndikuchidziwa. Bambo wa chipewa choyera uyu ndikumudziwa.

Ndatsegula sutikesi. Ndatulutsa buku limene ndinatenga ulendo watha. Tsamba ndi tsamba, n'chimodzimodzi.

Ndapita ku Nkando, tsiku lathunthu, kukasindikiza lipoti la chaka cha dzana, limene lakhala pansi pa bedi langa chaka chonse.

Abambo ayang'ana buku, ayang'ana mapepala. Akuti, "Chabwino n'chakuti tsopano muli nawo awiri."

Sindiwalankhula mpaka mawa.

Lachisanu

Mmawa. Ndikuwalankhulabe pang'ono, poti ndi iwo akudziwa kumene kuli mafuta opaka mawondo.

Kwabwera a Khoromana, tcheyamani wa komiti, pa njinga yawo ya belu. Nkhope ili mwee. Akuti alengeza paliponse. A kutsidya abwera. A mpingo wa kumtunda aweruka msanga kuti adzamve nawo. Abwereka mabenchi a kusukulu.

Akuti, "Ndawauza kuti madamu athu salephera. Lipoti lili m'manja, eti?"

Ndati, "Lili m'njira."

Si bodza kwenikweni. Kungoti njira yake sindikuidziwa.

Ndathamangira kwa alamu kuti tiyesenso chulu. Kulibe. Apita kumalire kukaoda mabelo, foni apita nayo.

Masana. Njira zimene ndaganizira:

kuwerenga lipoti lakale lomwe lija mokweza, mwina palibe angazindikire (a Khoromana angazindikire, nditaliwerenga chaka chatha anagona pakati pokha);
kudwala;
kupita kukaona mwana wathu ku Blantyre mwadzidzidzi;
kunena zoona.

Yachinayi ndaiika pomaliza dala.

Kwagwa kamvula, koyamba chaka chino. Fumbi lanunkhira. Amayi a pa chulu aja adutsa pamsewu akundibayibitsa ndi manja awiri. Mmodzi wasiya mazira atatu pakhonde.

Ndapita kukaona mtsinje. Madzi akadali m'akakolo, koma asintha mtundu. Ana a kutsidya akuwoloka nsapato zili m'manja, makope pamutu. Kamtsikana kena katerereka pamwala, mnzake wakagwira. Ndabwerera ndilibe nthabwala.

Madzulo. Alamu afika, fumbi mpaka m'nsidze, belo pa kabaza. Akundiponyera foni pamiyendo ngati akuponya bonya.

"Chinthu chanu chija chilimo. Ndinagula bandulo kuti ndione mitengo, chinangomalizika chokha ndili pa mzere wa chimbudzi cha pamsika."

Chokha! Popanda kukweza dzanja!

Ndayang'ana chaka katatu. Ndi lenileni. Ndawakumbatira alamu. Akuti andibwereka foni mpaka mawa masana, ndisayankhe amuna awo akaimba.

Loweruka

Mmawa. Ndadzuka ndi nkhuku. Tiyi, magalasi, kope, cholembera.

Zilembo zake ngati njere za mpiru. Alamu anandionetsa kuti ukatambasula zala ziwiri zimakula. Zikukuladi, koma ukatero pagalasi pamakwana mawu atatu okha, limodzi lili pansi pa mng'alu. Kuti umalize chiganizo uyenera kuchikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Ukakhudza pakona, chimathawira ku tsamba loyamba, kuja kuli chithunzi cha abwana akumwetulira.

Abwanawa ndawaona kasanu ndi kawiri mmawa uno. Tayamba kuzolowerana.

Buku umalinyowetsera chala, umapinda pakona, umaika kamtengo. Ichi ungapinde pati?

Zomwe ndaphunzira pofika pano:

kuti kunachitika misonkhano yambiri;
kuti misonkhano ina inali yokonzekera misonkhano;
kuti kwinakwake anakumba maiwe a nsomba ndipo zikuyenda bwino, ndawasilira;
kuti galimoto ina ya ofesi ikufunika matayala.

Za mlatho wathu, ziii.

Batire yatha. Ndapita nayo kwa ometa tsitsi, ali ndi sola. Pali mafoni asanu ndi atatu patsogolo panga. Ndanena kuti ndi ntchito ya boma. Wometa akuti, "Onsewa akutero, madamu."

Masana. Ndafika gawo la milatho. Ndi tebulo lalikulu la mizere, logona chammbali. Ndikatembenuza foni, nalo likutembenuka. Ndikapendeka mutu, khosi likuwawa. Abambo andipeza nditagona chammbali pa mphasa, foni itatsamira mtondo. Sananene kanthu. Akuphunzira.

Ndaona milatho ya anthu ena yambiri. Wathu ayi. Mwina ndaudumpha. Maso akutuluka misozi.

Alamu abwera kudzatenga foni, ali ndi makasitomala. Ndapempha ola limodzi. Akana. Akuti, "Musadandaule, ndaliponya kale pa gulu lathu la amayi a pamsika, wina akubwerekani yake."

Aliponya pa gulu! Lisanamasuliridwe! Ine mlembi ndisanalione! Tsopano lili ndi wogulitsa tomato, wogulitsa usipa, wa zitumbuwa, wa makala. Lipoti la boma, m'mafoni omangidwa ndi mphira, osungidwa pachifuwa, m'mabula!

Alamu akuti, "Nanga si anati aliyense?"

Ndinalakwa kuwauza mawu amenewo.

Madzulo. Palibe wandibwereka foni. Aliyense akuti ili pa moto, kapena apita nayo abambo. Ndasita diresi. Ndasankha njira yachinayi.

Lamulungu

Anthu anabwera. Mabenchi osakwana, ena pa zitenje, ena m'mitengo. A kutsidya anafika zovala zitanyowa m'munsi.

A Khoromana alankhula nthawi yaitali za ine. Kenako ndaimirira.

Ndati, "Abale anga, lipoti ndalipeza, koma mlatho wathu sindinaupezemo. Ndalephera."

A Khoromana akuyang'ana nsapato zawo.

Kumbuyo kwakwera dzanja. Ndi Felisita, wogulitsa tomato pa Milonde, mayi wa ana anayi tsopano. Ndinamuphunzitsa Sitandade 4. Kawiri. Ndine ndinamubwerezetsa, ndipo ndinalemba pa lipoti lake kuti sachita khama.

Akuti, "Madamu, pepani, ulimo. Ndinaupeza dzulo ndikudikira makasitomala."

Wabwera kutsogolo, wagwada pang'ono, wandionetsa. Pamwamba pali kachizindikiro ka galasi lokuzira zinthu. Ukakadina n'kulemba dzina, foni imakusakira yokha. Iye amatero akamafuna uthenga wa munthu amene anaitanitsa dengu. Walemba Nakhwili. Kuphethira kumodzi, mzere uwo, wopakidwa chikasu.

Tsiku lonse la dzulo. Khosi langa.

Akuti, "Koma Chingerezi chake ndiye chandikanika. Mutiwerengere ndinu."

Ndawerenga. Dzina la mtsinje, dzina la mudzi, kenako mawu awiri okha. Ndakonza kukhosi, ndamasulira mokweza monga ndinakonzera sabata yonse:

"Ntchito ili mkati."

Anthu akudikira zina. Ndati zatha, ndi zomwezo.

A Mulimba, atatsamira ndodo: "Mkati mwa chiyani? Mwa madzi?"

Anthu aseka mpaka ena kugwa pa benchi. Inenso ndaseka, nanga n'kutani.

Ndiye sanalembe kuti unatha. Sanalembenso kuti abwera liti. Kalata yodandaula yasanduka kalata yofunsa. Zomwe tagwirizana:

Lachitatu azibambo a m'mudzi adula mabulugamu anayi, agoneke pa zipilala zija, ana aziwolokerapo mvula ikakula;
ine ndilemba kalata, poti Chingerezi chikadali changa;
Felisita aitumiza pa foni, akuti keyala yotumizira ili kumapeto kwa lipoti lomwelo, anaionanso.

Msonkhano utatha palibe anapita kwawo. Timagulu timagulu, mitu pamodzi, aliyense akusaka zake. Wina chipatala, wina mjigo wa kwawo, wa usipa akufuna za maiwe a nsomba. Akapeza akuthamangira kwa ine: "Madamu, apa akuti chiyani?" Ndamasulira mpaka mawu kusasa. Amayi ena akwiya ndi zomwe apeza, akuti nawonso alemba kalata. Sindinaonepo lipoti likuwerengedwa chonchi, ndi zala za mafuta a zitumbuwa. Ndivomere, silinadetsedwe.

Pochoka ndamukokera Felisita pambali. Ndayang'ana uku ndi uku. Ndati mwina tsiku lina, akapeza mpata, angandionetseko bwinobwino za kagalasi kaja, ndi zina zimene ndingakhale nditaziphonya.

Wandiyang'ana. Milomo ikufuna kuseka, waigwira.

"Lachiwiri, madamu, pa benchi langa, msika usanadzaze. Musachedwe. Mubwere ndi kope."

Ndafufuza m'nyumba monse, kope latsopano mulibe. Ndiyambira kumbuyo kwa lino.